Kafukufuku wa M'nyengo ya Intaneti ku Minda ya Tiyi ya Thyolo: Mafunso ndi Mayankho

Kabuku kano ndi ka ophunzira a m'makoleji, aphunzitsi awo, alangizi a zaulimi ndi wina aliyense amene akufufuza za minda ya tiyi ya ku Thyolo, kaya ndi nthaka yake, mvula yake, mbiri yake kapena moyo wa anthu amene amatchola tiyiyo. Dera lino lili ndi malo ambiri a maphunziro kuposa mmene mlendo angaganizire akamaona zitunda zobiriwira m'mbali mwa msewu wochokera ku Limbe. Ku Ndata kuli Malawi University of Science and Technology, yomwe tonse timangoti MUST, ndipo idalandira ophunzira ake oyamba mu 2014. Ku Makwasa kuli Malamulo College of Health Sciences. Ku Bvumbwe kuli malo a boma ofufuzira za ulimi. M'boma la Mulanje, ku Mimosa, kuli Tea Research Foundation of Central Africa, bungwe lomwe lakhala likufufuza za tiyi kuyambira 1966. Mafunso otsatirawa ndi amene anthu a m'malo amenewa amakumana nawo akayamba kusaka zowerenga.

Kodi kuika zolembedwa pa kompyuta ndi pa intaneti kwasintha chiyani kwa wofufuza wa kuno?

Choyamba, kwachepetsa maulendo. Kale kufufuza kunkayamba ndi kukwera basi. Wofuna za mbiri ankapita ku Zomba, ku laibulale ya Chancellor College ndi ku National Archives. Wofuna za ulimi ankalowera ku Bunda. Wofuna mabuku akale a nthawi ya atsamunda ankakagogoda ku Society of Malawi ku Mandala, mu Blantyre. Ukafika unkasanthula timakadi m'madirowa, ndipo kawirikawiri unkapeza kuti magazini ya kafukufuku imene ukufuna idasiya kubwera zaka zingapo zapitazo chifukwa ndalama yogulira idatha. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 malaibulale a mayunivesite ambiri mu Africa adagwa m'vuto limeneli.

Zinthu zidayamba kusintha mu 2002 pamene World Health Organization idatsegula HINARI, njira yopatsa maiko osauka mwayi wowerenga magazini a zaumoyo pa intaneti. Mu 2003 bungwe la FAO lidatsegula AGORA ya zaulimi, mu 2006 kudabwera OARE ya zachilengedwe, kenako ARDI ndi GOALI. Zonsezi lero zimayendera dzina limodzi, Research4Life, ndipo Malawi ili m'gulu la maiko amene mayunivesite ake, zipatala zophunzitsira ndi malo a boma ofufuzira amawerenga kwaulere akangolembetsa.

Nachi chitsanzo cha tiyi wathu yemwe. Mu 1933 H. H. Storey ndi R. Leach adasindikiza mu Annals of Applied Biology zimene adapeza pa matenda amene ankachititsa masamba a tiyi kuchita chikasu mu Nyasaland. Adaonetsa kuti gwero lake ndi kuchepa kwa salifa m'nthaka. Kwa zaka zambiri nkhani imeneyi inali yapafupi kuipeza ku London kusiyana ndi ku Luchenza. Lero wophunzira wa ku Ndata atha kuifufuza ali chikhalire. N'chimodzimodzi ndi Nyasaland Journal, yomwe idayamba mu 1948 ndipo tsopano imatchedwa Society of Malawi Journal: makope ake akale ali pa JSTOR. Munthu amene adalawapo kafukufuku wa masiku a timakadi sangakupeputse kusintha kumeneku.

Zonsezi ndi zaulere? Ngati ayi, amalipira ndani?

Zina n'zaulere, zambiri ayi. Makampani akuluakulu osindikiza magazini a kafukufuku amagulitsa chilolezo chowerengera chaka ndi chaka, ndipo mtengo wake umakhala wa madola. Poona kuti mutu umodzi susenza denga, malaibulale a m'dziko muno adapanga mgwirizano mu 2003 wotchedwa Malawi Library and Information Consortium, mwachidule MALICO. Mamembala amasonkha, MALICO n'kumakambirana mitengo ndi osindikiza mothandizana ndi mabungwe akunja monga EIFL. M'zaka zake zoyamba mgwirizanowu udafika pobweretsa madishi a setilaiti oika m'makoleji, poti magazini a pa intaneti sangathandize munthu amene alibe intaneti.

Koma pali kusiyana kumodzi kumene akuluakulu oyendetsa mayunivesite ayenera kukumvetsa. Buku la pepala ukagula ndi lako. Magazini ambiri a pa intaneti timangochita lendi: chaka chimene simudalipire, chitseko chimatsekeka. Ndipo lendiyo imakwera yokha kwacha ikagwa. Mu Meyi 2022 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Bajeti ya laibulale imene idakonzedwa m'makwacha kumayambiriro kwa chaka siingathenso kugula zimene idalonjeza, ndiye muonjezerepo vuto lopeza madolawo kubanki. Wofufuza akaona kuti magazini imene ankawerenga chaka chatha yatsekedwa, nthawi zambiri gwero lake limakhala limeneli.

Ndikalemba funso pa Google ndimapeza mayankho. Laibulale ndi yachiyaninso?

Apa ndi pamene khalidwe la ofufuza lasinthiratu. Ambiri masiku ano amayambira pa Google kapena Google Scholar, pa foni, ndipo sapitirira tsamba loyamba kapena lachiwiri la zotsatira. Akapeza nkhani amawerenga chidule chake chokha. Ikakhala yotsekedwa, n'kuona kuti pakufunika madola 30 kapena 40, amaisiya n'kutenga ina yotseguka, ngakhale isakugwirizana kwenikweni ndi funso lawo. Ena amaponya pempho pa gulu la WhatsApp kuti mnzawo amene ali ku yunivesite yakunja awatumizire. Mapeto ake, zowerenga za wofufuza zimasankhidwa potengera kupezeka msanga, ubwino wake n'kubwera pambuyo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nkhani zambiri zimene wophunzira amazithawa poopa mtengo zimakhala kuti laibulale yake idazilipira kale, kapena zili mu Research4Life. Iye sadziwa chifukwa adalowera khomo lina. Wosindikiza sangazindikire kuti inu ndinu wa koleji yakutiyakuti pokhapokha mutalowa kudzera pa netiweki ya kolejiyo kapena ndi mawu achinsinsi amene laibulale imapereka. Safunsa adadya phula. Musanagonje pa nkhani iliyonse yotsekedwa, kafunseni ku laibulale. Ndipo musananyamuke kupita kukakhala milungu ingapo m'midzi ya ku Thekerani kapena ku Masambanjati, funsani mmene mungalowere m'magazini amenewa muli kutali ndi sukulu.

Woyang'anira laibulale wa lero ali ndi ntchito yambiri kuposa wa kale. Amakambirana ndi osindikiza, amayendetsa kalozera wa mabuku pa kompyuta, amasamala nkhokwe ya pa intaneti mmene yunivesite imasungamo zolemba za anthu ake, ndipo amaphunzitsa kafufuzidwe: mmene mungalumikizire mawu pofufuza, mmene mungasungire maina a zimene mwawerenga ndi pulogalamu yaulere monga Zotero, mmene mungatchulire gwero la mfundo popanda kuba nzeru za eni. Ola limodzi lokhala naye pansi kumayambiriro kwa kafukufuku limapulumutsa miyezi.

Ndalemba "Thyolo tea" koma za mbiri yakale sizikutuluka. Chalakwika n'chiyani?

Kompyuta imasaka zilembo zimene mwaipatsa, siidziwa malo amene muli nawo m'mutu. Nthawi ya atsamunda boma lino linkalembedwa Cholo, Mulanje inali Mlanje, dziko linali Nyasaland, ndipo isanafike 1907 linali British Central Africa. Alomwe, amene adalowa ambiri kuchokera ku Mozambique ndipo adasenza ntchito yaikulu ya m'maesiteti, m'makalata a boma ankatchedwa Anguru kapena Nguru, dzina limene eni ake sankalifuna. Thangata, ntchito yolipirira malo okhala pa esiteti, muipeza atailemba tangata. Mukafuna za chipolowe cha mu Ogasiti 1953, chomwe chidayambira pa esiteti ya Mangunda pa nkhani ya malalanje n'kufalikira m'chigawo cha kummwera mpaka anthu 11 kuphedwa, lembani Cholo. Mukalemba Thyolo muphonya malipoti onse olembedwa nthawi imeneyo.

Palinso vuto lina. Kalata yakale yotayipidwa ikajambulidwa, kompyuta imayesa kuwerenga zilembo zake kuti izitha kufufuzika, ndipo imaphonya kwambiri pamene inki idafufuta ndi pa maina achichewa ndi achilomwe. Zolembedwa pamanja nthawi zambiri siziwerengeka n'komwe. Dzina la mfumu likhoza kukhala pa tsamba limene lili pa intaneti, inu n'kulephera kulipeza.

Njira yakale yolondola umboni ikadagwirabe ntchito. Pezani cholembedwa chimodzi chodalirika, monga nkhani ya Robin Palmer ya 1986 mu Journal of African History yonena za kagwiridwe ka ntchito m'maesiteti a tiyi pakati pa 1930 ndi 1953, kapena buku la John McCracken la mbiri ya Malawi lomwe lidatuluka mu 2012. Onani kumene iwo adatenga umboni wawo, inu n'kulondola komweko. Mudzapeza kuti umboni wambiri uli m'mafailo a ku Zomba ndi a ku Kew, ku Britain.

Ndiye kuti pali zambiri za Thyolo zimene sizili pa intaneti?

Zambiri zedi, ndipo funso lalikulu m'kabuku kano ndi limeneli. Intaneti yatibweretsera zolembedwa za maiko onse, koma zathu zambiri zikadali m'makabati.

Tiyi wakhala akulimidwa ku Thyolo kwa zaka zoposa 100. Satemwa idakhazikitsidwa ndi Maclean Kay mu 1923, ndipo Conforzi, Naming'omba, Makandi, Nchima komanso minda imene lero ili m'manja mwa Eastern Produce nayo ili ndi mbiri yaitali. Pa esiteti chilichonse chimalembedwa. Kalaliki amalemba makilogalamu amene wotchola aliyense wabwera nawo pa sikelo. Kapitawo amalemba amene afika pa ntchito. Ku fakitale amalemba tiyi amene wapangidwa, ku chipatala cha pa esiteti amalemba odwala, ndipo m'mawa uliwonse wina amakayeza mvula imene yagwa. Taganizani mtengo wake wa buku la mvula lolembedwa tsiku ndi tsiku, pa malo amodzi, kwa zaka makumimakumi. Wofufuza za kusintha kwa nyengo amene akufuna kudziwa ngati chiperoni chikubwerabe monga kale, kapena ngati mvula yoyamba ikunka ichedwa, yankho lake lili m'mabuku otere. Ziwerengero za mvula zochokera ku setilaiti, zimene aliyense angathe kutenga pa intaneti, zimayambira cha m'ma 1980 ndipo zimaphatikiza dera lalikulu pamodzi, pomwe mvula ya kuno imasiyana chitunda ndi chitunda.

Ku Mimosa nakonso kuli chuma. Mitundu ya tiyi monga SFS 150, SFS 204 ndi PC 108, yomwe idadzalidwa ngakhale kunja kwa dziko lino, idachokera ku kafukufuku wa ku Mulanje. Zina mwa zimene akatswiri a kumeneko adapeza zidalowa m'magazini akunja, koma zambiri zidalembedwa m'malipoti a pachaka, m'timakalata topita kwa alimi ndi m'buku la malangizo la Tea Planter's Handbook la 1990. Zolembedwa za mtundu umenewu, zosindikizidwa makope ochepa kuti zigawidwe kwa mamembala, sizilowa kawirikawiri m'nkhokwe zikuluzikulu za pa intaneti. Onjezeranipo zolemba za ophunzira a digiri zimene zidangoikidwa pa shelefu, ma miniti a magulu a alimi ang'onoang'ono a tiyi kuyambira pamene Smallholder Tea Authority idakhazikitsidwa mu 1967, mabuku a mishoni ya Malamulo yomwe idayamba mu 1902, ndi malipoti a a DC a ku Cholo amene ali ku Zomba.

Ngakhale mapepala onsewa atajambulidwa mawa, tikhala titamva mawu a mu ofesi okha. Mawu a wotchola tiyi, a mayi amene adalera ana m'nyumba za pa esiteti, a banja limene lidalipira malo okhala pogwira thangata, sadalembedwe paliponse. Thangata idathetsedwa mwalamulo mu 1962. Amene adaigwira ali akuluakulu tsopano adapitirira zaka 80, ndipo amafotokoza m'Chichewa ndi m'Chilomwe. Foni imene mumafufuzira pa Google ija ikhozanso kujambula mawu awo, iwo atalola.

Choopsa chenicheni n'chakuti wofufuza azolowere kuganiza kuti chimene sichikuoneka pa kompyuta kulibe. Alemba molimba mtima kuti palibe kafukufuku amene adachitikapo pa nkhani yakutiyakuti, chikhalirecho lipoti lake lili pa mtunda wa ola limodzi pa minibasi. Kapena amanga maziko a kafukufuku wa Thyolo pa zolembedwa za ku Kericho, Assam ndi Sri Lanka chifukwa ndizo zatuluka pamwamba. Ku Kericho, pafupi ndi ikweta, tiyi amatcholedwa chaka chonse mosasiyana kwambiri. Kuno mbali yaikulu ya zokolola imabwera m'miyezi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo chilimwe tiyi amangoima. Kusiyana kumeneku kumakhudza chilichonse: feteleza, kuthirira, kukula kwa fakitale, ndi chiwerengero cha anthu amene amalembedwa ntchito ya kanthawi n'kuchotsedwa mvula ikatha.

Bwanji osangojambula zonsezo n'kuziika pa intaneti?

Kujambula tsamba ndi mbali yaing'ono ya ntchitoyi. Chithunzi chopanda dzina, chaka, malo ndi mawu ochifotokoza sichingapezeke, ngakhale chitakhala pa kompyuta. Wina ayenera kukhala pansi kulemba kuti buku ili ndi la mvula, la esiteti yakuti, kuyambira chaka chakuti mpaka chakuti, ndipo masamba akutiakuti adasowa. Imeneyi ndi ntchito ya akatswiri a laibulale ndi osunga zakale, ndipo imadya nthawi ndi ndalama kuposa makina ojambulira.

Kenako pali nkhani ya umwini. Mabuku a esiteti ndi a kampani, ndipo kampani ili ndi ufulu wokana, makamaka m'boma limene nkhani ya malo imautsa mitima. Lamulo la Access to Information, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, limathandiza kwambiri pa zolembedwa za nthambi za boma, koma pa makabati a kampani chimene chimatsegula chitseko msanga ndi kukhulupirirana ndi mgwirizano wolembedwa bwino. Mabuku a malipiro ndi a chipatala ali ndi maina a anthu amene ana ndi zidzukulu zawo ali moyo, sangangoponyedwa poyera. Pali lamulo la Copyright la 2016, pali la Data Protection la 2024, ndipo kafukufuku wokhudza anthu amayenera chilolezo cha komiti yoona zimenezi, ya yunivesite kapena ya National Commission for Science and Technology. Buku la mvula lilibe mavuto ambiri otere. Ndi poyambira pabwino.

Thandizo lilipo. Endangered Archives Programme ya British Library, yomwe idayamba mu 2004, imapereka ndalama zojambulira zolembedwa zimene zili pangozi, ndipo yathandizapo kale ntchito zotere m'Malawi muno. Lamulo lake n'lakuti zolembedwa zenizenizo zisachoke m'dziko la eni ake.

Aliyense wokayikira kufunika kokhala ndi makope angapo akumbukire kuti mu 1919 moto udatentha ofesi yaikulu ya boma ku Zomba pamodzi ndi makalata ambiri a zaka zoyamba za utsamunda. Kope la pa kompyuta nalonso limafa: laputopu imabedwa, fulashi imaonongeka. Sungani m'malo osachepera atatu, amodzi akhale kutali.

Nanga magetsi ndi netiweki?

Laibulale ya pa intaneti imatseka magetsi akazima. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula misewu ndi kugwetsa mapolo m'maboma a kummwera, Thyolo ali momwemo. Pa sukulu penipeni zinthu zimakhalako bwino chifukwa cha Malawi Research and Education Network, yomwe imalumikiza mayunivesite ndi netiweki ya maphunziro ya chigawo chino kudzera ku UbuntuNet Alliance, bungwe lomwe likulu lake lili ku Lilongwe. Wophunzira akatuluka pa geti amadalira bandulo ya Airtel kapena TNM yogula ndi ndalama ya ndiwo. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, kusiyana kwa amene ali ndi laputopu ndi amene amawerengera pa foni kudaonekera poyera.

Choncho tengani zowerenga zanu muli pa netiweki ya sukulu, muzisunge mwadongosolo kuti muziwerenga popanda intaneti. Malaibulale nawo asafulumire kutaya mabuku a pepala kapena kunyoza njira zosadalira intaneti. Cornell University idapanga TEEAL, nkhokwe ya magazini a zaulimi yoikidwa pa kompyuta ya pa sukulu pomwepo, poganizira malo ngati athu.

Ndidziwa bwanji kuti chimene ndapeza n'chodalirika?

Funsani kuti walemba ndani, walipira ndani, ndipo chiwerengero chake wachipeza bwanji. Nkhani ya malipiro a antchito a m'minda ya tiyi ndi chitsanzo chabwino. Mu 2013 Oxfam ndi Ethical Tea Partnership adatulutsa lipoti losonyeza kuti malipirowa anali otsika kwambiri. Mu 2015 idayamba ndondomeko ya Malawi Tea 2020 yofuna kuwakweza, ndipo mu 2016 Tea Association of Malawi ndi bungwe la antchito la Plantation and Agriculture Workers Union adasainirana pangano loyamba la malipiro. Mukafufuza nkhaniyi mupeza ziwerengero zosiyanasiyana, zonse zooneka zolongosoka. Ena amawerengera ndalama yokha, ena amaphatikiza chakudya, nyumba ndi chipatala. Ena amatenga mwezi wa mvula pamene wotchola amapitirira makilogalamu ake, ena chaka chonse. Ena amasintha kukhala madola pa mtengo wa chaka china. Lipoti la kampani, la bungwe lomenyera ufulu ndi la yunivesite onse ndi ofunika, koma lililonse liwerengedwe modziwa amene akuyankhula.

Chenjeraninso ndi magazini achinyengo, amene amatumiza maimelo okoma kulonjeza kusindikiza nkhani yanu pa sabata imodzi mukalipira. Sapereka nkhaniyo kwa akatswiri ena kuti aiunike. Onani ngati magaziniyo ili mu Directory of Open Access Journals kapena African Journals Online, ndipo mukakayika muwafunse a ku laibulale musanatumize ndalama.

ChatGPT ndi anzake angandifufuzire?

Angakuthandizeni kumvetsa ndime yovuta, kukonza Chingerezi, kapena kuganizira mawu ena ofufuzira. Musawadalire pa maina a mabuku ndi nkhani. Makinawa amatha kupeka dzina la mlembi, mutu ndi chaka zooneka zenizeni, koma nkhaniyo kulibe. Ndipo poti adaphunzira kuchokera ku zimene zili pa intaneti, pa za Thyolo ali ndi mpata womwe uja takamba pamwambapa: chimene chili m'kabati ya pa esiteti sachidziwa, koma amayankhabe mosakayika. Chilichonse chimene mwachitchula m'kafukufuku wanu chikhale chimene mwachitsegula ndi kuchiwerenga nokha.

Anzanga amatenga nkhani pa Sci-Hub. Pali vuto?

Chimene chimawapititsa kumeneko n'chomveka, ndipo mitengo ya osindikiza ena ndi yosayenera. Komabe Sci-Hub imaphwanya malamulo a umwini wa zolemba. Yesani kaye Research4Life, chida chaulere cha Unpaywall chomwe chimasaka kope lovomerezeka, kapena kulembera mlembi mwini wake. Alembi ambiri amatumiza mokondwa.

Ndamaliza kafukufuku wanga. Ndichite chiyani kuti ena amupeze?

Ikani kope m'nkhokwe ya pa intaneti ya yunivesite yanu, ndipo m'mutu kapena m'chidule mutchule Thyolo, dzina la dera ndi zaka, kuti wobwera pambuyo asavutike monga mudavutikira inu. Magazini ambiri otseguka amalipiritsa mlembi madola mazanamazana kapena masauzande, koma ochuluka amakhululukira alembi a maiko monga Malawi ngati apempha asanatumize nkhani. Malawi Medical Journal imawerengedwa kwaulere ndipo imapezeka pa PubMed.

Thyolo ali ndi umboni wa zimene kusindikiza poyera kumachita. Médecins Sans Frontières idayamba ntchito ya HIV m'boma lino mu 1997 pamodzi ndi chipatala cha boma, ndipo zimene adaphunzira, monga kupereka ntchito zina za madokotala kwa anamwino ndi kufikitsa ma ARV ku zipatala zazing'ono, zidalembedwa m'magazini akunja ndi kuikidwa poti aliyense awerenge. Lero dzina la Thyolo limadziwika kwa akatswiri a zaumoyo amene sadapondepo kuno. Za nthaka, mitsinje, nkhalango ya m'phiri la Thyolo ndi moyo wa pa esiteti zikhoza kudziwika chimodzimodzi.

Musaiwale amene adakuyankhani mafunso. Mlimi wa gulu la alimi a tiyi la Msuwadzi kapena mayi wa pa sikelo sadzatsegula PDF ya masamba 90 ya Chingerezi. Bwererani ndi tsamba limodzi la Chichewa, mukafotokoze pa msonkhano wawo.

Akuluakulu a mayunivesite ndi a makampani achitepo chiyani?

Ndalama ya MALICO ikhale m'bajeti monga ya magetsi ndi madzi, isamadikire zotsala. Maphunziro a kafufuzidwe alowe m'ndandanda wa maphunziro n'kumayesedwa, m'malo mongoyendetsa ophunzira atsopano m'laibulale tsiku limodzi. Mzuzu University imaphunzitsa akatswiri a ntchito ya laibulale. Alembedwe ntchito okwanira, ndipo apatsidwe mpando pamene kafukufuku akukonzedwa. Kuposa zonse, pakufunika kuti MUST, Tea Research Foundation, Tea Association of Malawi ndi National Archives akhale pansi agwirizane zoyamba ndi kalembera chabe: pa esiteti iliyonse pali mabuku anji, a zaka ziti, ali bwanji. Kalembera yekhayo, ngakhale tsamba limodzi lisanajambulidwe, angasinthe mafunso amene ofufuza amafunsa.

Kwathu kuli mabuku ndi zithunzi zakale za malemu bambo, amene anali kalaliki pa esiteti. Titani nazo?

Musazitaye ndipo musazigawe chimodzichimodzi. Zichotseni pansi ndi pafupi ndi khoma lonyowa, chifukwa chinyezi cha ku Thyolo, chuku ndi chiswe ndizo zimaononga mapepala. Musamate ndi selotepu pamene pang'ambika, musakute ndi pulasitiki yotenthetsa, ndipo musalembepo ndi bolopeni. Pa pepala lapadera lembani zimene akuluakulu a pabanja akukumbukira: mwini wake anali ndani, adagwira pa esiteti iti, zaka ziti, ndipo pa chithunzi chilichonse pali yani. Jambulani tsamba lililonse ndi foni, masana pamthunzi, mosadumphitsa, n'kutumizako makope kwa abale awiri kapena atatu. Mukatero kaonaneni ndi a laibulale ya yunivesite imene ili pafupi nanu kapena a National Archives ku Zomba. Mukhoza kuwalola kujambula zinthuzo n'kubwera nazo kunyumba, ndipo pa kalata ya mgwirizano mulembetse zimene mukulola kuti zionekere poyera ndi zimene zikhale za pabanja.